Mwana Wamasiye Ali ndi Kwawo



Nkhani imene yasonkhanitsa anthu pano ndi ya mwana amene mayi ake, kapena makolo ake onse awiri, atsikira kulichete iye asanafike podziimira payekha. Mwana wotere amafuna pogona, chakudya, sukulu ndi munthu womulangiza, ndipo pa zimenezi palibe amene amatsutsa. Pamene anthu amasiyana maganizo ndi pa funso lakuti mwanayo akulire kuti: kodi m'nyumba yosungiramo ana amasiye, imene ili ndi mpanda, mabedi ndi chakudya katatu pa tsiku, kapena pakhomo pa agogo ake, pamene denga limadontha ndipo nsima ya madzulo sidziwika ngati ipezeka? Munthu woyeza ndi maso okha sachedwa kuyankha, amaloza kumene kuli malata. Koma mlandu umenewu suweruzidwa pa tsiku limene mwana akulowa pa chipata. Umaweruzidwa pa tsiku limene akutuluka, ali mnyamata kapena mtsikana wamkulu, atanyamula chikwama chake, nafunsa njira ya kwawo.

Anthu a kuno, Ayao ndi Anyanja omwe, amatsata mtundu kuchikazi. Mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndipo womuyang'anira wamkulu ndi malume ake, amene pa Chiyao amatchedwa mjomba. Mchemwali wa mayi satchedwa ndi dzina lachilendo ayi. Iye ndi mayi aakulu kapena mayi aang'ono, ndipo ana ake ndi abale enieni a mwanayo, si asuweni. Tsono mayi akamwalira, mwana sankasowa wina womutchula kuti amayi, pakuti chiyankhulo chenichenicho chinali chitamusungira kale amayi ena awiri kapena atatu. Maliro akatha, pa tsiku la kumeta kapena la sadaka, akuluakulu ankakhala pansi nakambirana kuti uyu agone kwa yani, uyo adzidya kwa yani, ndipo munda wa malemu udzilimidwa ndi ndani kufikira ana atakula. Panalibe kalata kapena chidindo, koma mudzi wonse unali mboni.

Chimene chinagwedeza dongosolo limeneli ndi matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. Matendawa sanatenge nkhalamba monga imfa inazolowera kuchitira. Anatenga anthu a msinkhu wobereka, wolima ndi wopalasa bwato. Mayi aang'ono amene akadalera ana a mkulu wawo anakagona kumanda omwewo patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo katundu yense anagwera agogo amene msana unali utawerama kale. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kumene asodzi ndi ogula nsomba amabwera ndi kupita, maliro anachuluka kotero kuti anthu ankasowa tsiku lolowa m'munda.

Boma linaona vutoli, ndipo mu 1992 linakhazikitsa mfundo za kasamalidwe ka ana amasiye. Mfundozo zinanena poyera kuti mwana asamalidwe ndi abale ake m'mudzi mwake mothandizidwa ndi anthu a m'mudzimo; ngati abale palibe, banja lina limulere; ndipo nyumba yosungiramo ana ikhale pothawira pomaliza njira zina zonse zikakanika. Amenewo anali mawu anzeru, koma ndalama za anthu akufuna kwabwino a maiko akunja zinayenda njira ina. Nkosavuta kupempha thandizo pomuonetsa munthu chithunzi cha nyumba yanjerwa ndi ana makumi asanu ovala yunifolomu ataima pamzere, kusiyana ndi kumuonetsa gogo mmodzi wa ku Katuli amene akusowa thumba la feteleza. Kotero nyumbazo zinamangidwa, ndipo ngakhale mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004 ndi kuchepetsa maliro, kumangako sikunaleke. Pamene bungwe la Malawi Human Rights Commission linayendera malo amenewa mu 2014, linapeza nyumba zoposa 160 m'dziko lonse, momwe munali ana oposa 10,000.

Chimene ambiri sachidziwa nchakuti ana ochuluka a m'nyumbazo si osowa abale. Ambiri ali ndi kholo limodzi lamoyo, kapena agogo, kapena malume odziwika mudzi wawo. Dziko lonse lapansi linaona zimenezi mu 2006, pamene woimba wa ku America, Madonna, anatenga mwana wa chaka chimodzi m'nyumba ya ana amasiye ku Mchinji, ndipo zinadziwika kuti bambo a mwanayo anali moyo m'mudzi mwawo. Chinawakanika bambowo si chikondi. Chinawakanika ndi njira yolerera khanda mayi atamwalira. Nkhani ngati imeneyi kuno ku Mangochi si yachilendo. Bambo amapita ku Joni kukafuna ntchito, nakhala zaka zisanu osabwera, mwina kutumiza ndalama, mwina ayi. Wina amasamukira ku dooko la ku Msaka kapena ku Makanjira kutsata usipa, nakwatira komweko. Chambo cha m'nyanja ya Malombe, chimene chinkaphunzitsa ana ndi kufolera nyumba, chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mabanja amene ankadalira nsombayo sanabwererenso mwakale. Gogo wotsala ndi adzukulu asanu akamva kuti kwinakwake kuli malo amene mwana amadya, kuvala ndi kuphunzira osalipira, ndani angamudzudzule akapereka mmodzi? Chimene chamutulutsa mwanayo pakhomo ndi umphawi, umasiye wangokhala dzina lolembera pa chipata.

Bungwe la United Nations, m'malangizo ake a mu 2009 okhudza ana osaleredwa ndi makolo awo, linanena momveka kuti umphawi pa wokha usakhale chifukwa chochotsera mwana pa banja lake, koma ukhale chizindikiro chakuti banjalo likufuna thandizo. Malangizo omwewo anati ana aang'ono, makamaka osakwana zaka zitatu, aleredwe m'banja. Lamulo la dziko lino la kasamalidwe, chitetezo ndi chilungamo kwa ana, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2010, limayenda njira yomweyo.

Chifukwa chotchulira zaka zitatu chinadziwika mowawa ku dziko la Romania. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa mu Disembala 1989, kunapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba za boma, ambiri a iwo opinimbira, osayankhula, ongodzigwedeza okha pa timabedi tawo. Kuyambira mu 2000, akatswiri anatsata ana 136 a m'nyumba zotere mu mzinda wa Bucharest. Theka la anawo linapatsidwa kwa mabanja owalera, theka linatsala. Patapita zaka, ana amene anapita m'mabanja anaposa anzawo pa nzeru, pa kuyankhula ndi pa kukhulupirira munthu wowalera, ndipo amene anapindula koposa ndi amene anatuluka asanakwanitse zaka ziwiri. Wina anganene kuti Mangochi si Bucharest, ndipo nzoona. Amayi ambiri ogwira ntchito m'nyumba za kuno ndi anthu a mtima wabwino, amene amabereka ana kumbuyo ndi kuwaimbira nyimbo. Komatu mayi wolembedwa ntchito amaweruka, amapita ku tchuthi, amasiya ntchito akapeza ina. Khanda limene lazolowera fungo la mayi uyu limadzuka mawa m'manja mwa wina, mkuja mwa winanso, ndipo pomaliza limaleka kulira chifukwa laphunzira kuti kulira sikuitana munthu mmodzi yemweyo. Akulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo zimene anapeza akatswiri aja sizikusiyana ndi mawu amenewa.

Koma pali chinthu china chimene akatswiri aja sakanachiyeza, chimene mfumu iliyonse ya kuno ikuchidziwa bwino, ndicho malo. Nyumba yosungiramo ana imasunga mwana kufikira atakula, kenaka imamutsegulira chipata. Mnyamata amene analowa ali ndi zaka zinayi amafika m'mudzi wa mayi ake ali ndi zaka 18, akuyankhula Chichewa cha kusukulu ndi Chingerezi, Chiyao atachiiwala. Sadziwa kusoka ukonde, sadziwa kupalasa bwato pa mwera, sadziwa kuunda mizere, ndipo anzake a msinkhu wake, amene anavinidwa limodzi, amamuona ngati mlendo. Manda a mayi ake sawadziwa. Munda wa mayi ake unapatsidwa kwa wina kalekale, ndipo amene akulimamo anadzalamo mango amene tsopano akubereka. Akadandaula kwa nyakwawa, mboni zimene zikadamuimira zinamwalira, ndipo otsala amati sitikumudziwa. Mtsikana ndiye amavutika koposa, pakuti pa mwambo wa kuno munda ndi malo omangapo nyumba zimadzera mwa iye. Iye akasowa pa mudzi, ana ake amene sanabadwe atayiratu pawo.

Ndipo si munda wokha. Ukwati umafuna ankhoswe, mlandu umafuna wokuperekeza ku bwalo, matenda amafuna wokudikirira kuchipatala, maliro amafuna abale okumba manda. Palibe bungwe, ngakhale lolemera chotani, limene lidzatumiza nkhoswe pa ukwati wa mwana amene linamulera zaka khumi zapitazo. Mabungwe amatha, wopereka ndalama wa kutsidya kwa nyanja akamwalira kapena akatopa, chipata chimatsekedwa. Chibale ndi fupa, sichiola, koma fupalo limafuna kuti eni ake adziwane nkhope.

Tsono pasakhale munthu wochoka pano nakanena kuti pakhomo pa abale ndi pabwino nthawi zonse. Onse akhala panowa akudziwa ana amasiye amene amadya pomaliza, pamene ana a mwini nyumba atakhuta. Amene amatumidwa kukatunga madzi ndi kukatola nkhuni anzawo akupita kusukulu. Anyamata aang'ono amene amagona ku dooko kukoka makoka usiku kuti alandire usipa wa m'mbale. Atsikana amene amakankhidwira ku banja ali ndi zaka 14 kuti pakhomo pachepe pakamwa. Alipo amalume amene amafika pa maliro ndi ngolo, osati kudzatenga ana koma kudzatenga malata, njinga ndi makoka a malemu. Zimenezi ndi zamanyazi, ndipo kuzibisa ndiko kumapatsa mphamvu anthu onena kuti mwana ali bwino kumpanda. Malamulo alipo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaika kulanda katundu wa malemu m'gulu la milandu, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe kapena kukwatira. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe siliona zochitika kuseri kwa nkhokwe ku Namwera. Amene amaona ndi mnansi, mphunzitsi woitana maina m'kalasi, shehe wa pa madrasa, mayi wophika phala pa sukulu ya mkombaphala, ndi nyakwawa. Mwana akamazunzidwa kwa malume, yankho loyamba ndi kumusamutsira kwa mbale wina kapena kwa banja lina lodalirika la m'dera lomwelo, ndi kukamutula wozunzayo ku polisi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma.

Nyumba zolerera ana zili ndi ntchito yake, ndipo aliyense wonyoza ntchito imeneyo sanaonepo khanda la masiku atatu limene mayi ake amwalira pobereka. Mkaka wa m'chitini ndi wodula, madzi oyera ndi osowa, ndipo gogo wa kumudzi akapatsa khanda lotere phala la mgaiwa, mwezi sutha. Apa ndi pamene malo ngati Alleluya Care Centre ku Namwera, amene anayambitsidwa ndi mayi wa ku Italy, Rita Milesi, ndi nyumba ya makanda imene bungwe la Open Arms linatsegula kuno ku Mangochi litayamba ntchito yake ku Blantyre mu 1995, anapulumutsa miyoyo yambiri. Chofunika kuchiona ndi chakuti malo amenewa anakhazikitsidwa ndi cholinga chakuti khanda likalimba, likayamba kuyenda ndi kudya nsima, libwerere kwa abale ake. Kumeneko ndiko kugwira ntchito ngati chipatala: munthu amagonekedwa, nachira, natuluka. Palibe amene amamanga banja m'chipatala.

Chitsanzo chachikulu chili pafupi pomwepa, m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Edzi itafika pachimake, Bambo Chakunja Sibale ndi dokotala wa ku America, Kevin Denny, amene anagwirapo ntchito m'dziko muno ali mnyamata, anayambitsa Malawi Children's Village. Dzinalo lingapusitse munthu kuganiza kuti unali mudzi wosonkhanitsiramo ana, koma maganizo awo anali osiyana ndi amenewo. Ana anatsala m'makomo mwa agogo ndi abale awo m'midzi yoposa 30, ndipo m'mudzi uliwonse munasankhidwa anthu odzipereka, odziwika ndi mfumu, oyendera makomo amenewo, kuona amene akudwala, amene wasiya sukulu, amene denga lamugwera. Thandizo linkapita kumene mwana ali, m'malo moti mwana apite kumene kuli thandizo. Pambuyo pake panamangidwa sukulu ya sekondale ya Gracious ndi malo ophunzitsira ntchito zamanja. Ana amene anadzera m'njira imeneyi anaphunzira ndithu, ndipo minda ya amayi awo sanaitaye.

Ndalama zimene zimamanga mpanda, kulipira alonda, ophika ndi ochapa, kugula galimoto ndi mafuta ake, zikadagawidwa m'makomo zikadafikira ana ochuluka kuposa amene akugona m'nyumbamo. Umboni wake unapezeka m'boma lomwe lino. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 nifika kuno m'zaka zotsatira, imapereka ndalama pang'ono kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo ambiri a mabanja otere ndi a agogo olera adzukulu. Kuyambira mu 2013 mpaka mu 2015, akatswiri a ku yunivesite ya North Carolina ndi anzawo a ku Zomba anatsata mabanja olandira ndalamazi ku Salima ndi kuno ku Mangochi, m'madera a mafumu Jalasi ndi Bwananyambi. Anapeza kuti mabanjawo anayamba kudya kangapo pa tsiku, ana ambiri anabwerera kusukulu, ndipo pakhomo panayamba kuoneka nkhuku ndi mbuzi. Anthu amene ankati gogo akapatsidwa ndalama adzangomwera mowa anasowa chonena.

Kuyambira cha mu 2016, Boma mothandizidwa ndi UNICEF linayamba ntchito yobwezera ana m'mabanja m'maboma anayi: Blantyre, Dedza, Lilongwe ndi Mangochi. Pofika mu 2017 chiwerengero cha ana a m'nyumba zosungiramo ana m'dziko lonse chinali chitatsika kufika pafupifupi 8,000. Ntchito imeneyi si yokweza mwana pa galimoto ndi kukamutsitsa pa bwalo la mfumu. Alangizi amayamba ndi kucheza ndi mwanayo kuti amve mtima wake, kenaka kufufuza abale, kuona ngati pakhomopo pali mtendere ndi chakudya, kumutengera mwana kukacheza masiku ochepa nabwerera, ndipo akakhazikika, kumamuyendera kwa miyezi yambiri. Pamene mbali yomalizayi yanyalanyazidwa chifukwa mlangizi alibe mafuta a njinga yamoto, mwana amathawa, napezeka akupemphetsa pa mlatho wa Bakili Muluzi kapena pa depoti ya mabasi. Kubweza mwana mosakonzeka ndi kumupweteka kachiwiri. Dziko la Rwanda, limene mu 2012 linawerenga ana 3,323 m'nyumba 33 ndi kuganiza zowabwezera m'mabanja, linayamba ndi kuphunzitsa alangizi ndi kupeza mabanja odzipereka kulera ana a eni, ndipo ana ambiri anatuluka m'zaka zotsatira. Eni nyumba zosungiramo ana asaone ntchito imeneyi ngati nkhondo yolimbana nawo. Nyumba zawo zikhoza kusanduka sukulu za mkombaphala, malo ophunzitsira ntchito zamanja kapena malo othandizira ana olumala masana, ndipo antchito awo, amene amadziwa ana kuposa wina aliyense, ndiwo angakhale alangizi abwino oyendera makomo.

Mawu awiri apite kwa eni mahotela ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Chembe. Alendo ambiri amafika ndi mtima wofuna kuthandiza, napempha kuti awaperekeze kukaona ana amasiye. Amanyamula ana, kujambula zithunzi, kugawa maswiti, ndipo pakutha pa sabata amakwera ndege. Mwana amene anamukakamira mlendoyo amatsala akuyang'ana ku chipata. Ana si nsomba za mbuna zoti alendo adzizionera pa galasi. Mlendo wofunadi kuthandiza alozeredwe ku sukulu ya m'mudzi, ku komiti yoteteza ana kapena ku ofesi ya boma, kumene angauzidwe khomo limene likusowa denga.

Kwa inu mafumu, ntchito yagona pa zinthu zimene zili kale m'manja mwanu. Munthu wachilendo akafika m'mudzi nanena kuti akutenga ana kukawaphunzitsa ku tauni kapena kutsidya kwa malire a Chiponde, afunsidwe kalata yochokera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo ngati alibe, mwana asachoke, ndipo apolisi adziwitsidwe, pakuti kuzembetsa anthu ndi mlandu waukulu pa lamulo la mu 2015. Nyumba iliyonse yosunga ana m'dera lanu iyenera kukhala yovomerezedwa ndi Boma, ndipo mfumu ili ndi ufulu wofunsa chikalata chake. Mwana wa m'mudzi mwanu amene ali kale kumpanda, dzina lake likhalebe m'kaundula wa mudzi pansi pa mbumba ya mayi ake. Abale akakamizidwe kukamuona, ndipo pa tchuthi abwere adzagone kwawo, adzamve Chiyao, adzaonetsedwe manda ndi malire a munda. Munda wa malemu ukabwerekedwa kwa wina kuti usagonere, zinenedwe pa bwalo pamaso pa mboni zachinyamata zimene zidzakhale zilipo mwanayo akadzakula, ndipo wobwerekayo auzidwe kuti adzale chimanga ndi nandolo, koma mitengo ndi nyumba ayi. Pamene mabanja akulembetsa minda yawo motsata lamulo la malo a makolo la mu 2016, mlembi asatseke buku asanafunse ngati pa banjapo pali mwana amene ali kwina.